Masamba a kwa Kalumphe

Mukafika pa Katete n'kufunsa wokonza njinga, akuonetsani anthu ambirimbiri, poti kuno njinga zili ngati nkhuku, khomo lililonse lili nayo yake. Koma mukanena kuti mukufuna uja amayenda ndi alendo m'mapiri, aliyense akulozerani pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa msika, pomwe Haruna amakhala pa kampando kake, tayala lili pakati pa miyendo. Musayembekeze kuti akulandirani mano ali pamtunda. Moni ayankha ndithu, chubu akumatirani bwinobwino, koma maso ake amakupyolani ngati akuyang'ana wina amene waima kumbuyo kwanu. Ena amati ndi matama. Si matama ayi, ndipo onena zimenezo ndi anthu obwera dzana.

Haruna anabadwira ku Malawi, mbali za Namwera. Kuno ku Zambia anafika ali wachinyamata, atasenza mtolo wa nsalu za amalume ake. Malonda a nsalu anamukana, chifukwa munthu wosadziwa kunamiza amayi kuti chitenje chawakhala sangagulitse kanthu. Chimene chinamukonda ndi njinga ya amalumewo. Pa njingayo anagula mtedza m'midzi, anatuta thonje, ananyamula odwala ndi akwati omwe, mpaka anadziwa njira zimene ngakhale mbuzi imayamba yaima kaye isanalowemo. Anadziwa ya kuseri kwa mapiri a Mphangwe, yotsikira ku mtsinje wa Kapoche mbali za Sinda, ndi ija yokhotakhota ya ku Vubwi, yomwe ukangoyetsemula kwambiri wagwera ku Mozambiki. Njinga ikawonongeka kutchire amaikonza yekha, ndipo umisiri wake unayambira pamenepo.

Anakwatira Sauda, mlongo wake wa Yunus wa golosale, mkazi wamfupi wosasowa choyankha. Mwa ana awo anakula ndi mmodzi, Layla. Sauda sanapalasepo njinga chibadwire, koma ulendo uliwonse wa mwamuna wake amatuluka, n'kudina tayala lakumbuyo ndi chala chachikulu, nkhope atakwinya ngati sing'anga. "Lafewa ili, bambo a Layla," amatero, ngakhale litalimba ngati mwala. Haruna amatenga pampu n'kupopa pang'ono kuti nkhani ithe. Zaka zonse za ukwati wawo, kutsanzikana kwawo kunali komweko.

Za alendozi anabwera nazo ndi Collins, mwana wa konkuno amene anakakhala ku Lusaka n'kubwerako ndi Chingelezi chochuluka ndi nzeru imodzi yokha, koma yabwino. Anati kunjaku kuli anthu amene ali ndi galimoto kwawo, koma amafuna kudzavutika dala pa njinga, kukwera zitunda, kuwoloka mitsinje, n'kumajambula miyala. Haruna anaganiza kuti mnzakeyo wayamba kusuta. Koma anthuwo anabweradi, a ku Lusaka ndi azungu omwe, atavala zipewa zolimba ndi akabudula othina oti munthu sungaime nawo pamaso pa apongozi. Collins amalankhula nawo, Haruna amatsogolera njira ndi kukonza zowonongeka.

Lamulo la Haruna kwa alendo linali limodzi. M'midzi ya kuno, pakagwa maliro, amadula nthambi za masamba aawisi n'kuziika pamsewu, kuno ndi uko kwa mudzi. Wapanjinga akafika pa masambawo amatsika, amavula chipewa, n'kukankha njinga mpaka atadutsa masamba achiwiri. Alendo ena amang'ung'udza, makamaka masamba akapezeka pa mtsetse wokoma, koma pamenepa Haruna samasekerera munthu. "Auzeni atsike," amauza Collins. "Maliro n'kulirana. Wosatsika abwerere kwawo." Iye Msilamu, maliro ambiri a m'njiramo a Akhristu kapena a kudambwe, koma zimenezo samazifunsa n'komwe.

Ulendo wa ku Vubwi unali ndi popumira pake, mudzi wa Kalumphe, wautali ngati chingwe, nyumba zitandandalika m'mbali mwa msewu. Pamenepo mayi wina dzina lake Mwandida amagulitsa nthochi ndi thobwa lozizira la mumtsuko. Anali ndi mpata pamano akutsogolo ndi kachipsera pamwamba pa diso lakumanzere, ndipo amaseka alendo poyera, iwo n'kumaseka nawo osadziwa kuti nkhani ndi miyendo yawo. Mwamuna wake, Nelson, amakhala chapatali akusema mipini. Iye ndi Haruna amapatsana moni ndi kufunsana za mvula, ubwenzi wa amuna osakonda kulankhula.

Chaka chimene tikunenachi, alendo anabwera mwezi wa Okutobala, dzuwa likuswa mtengo. Sauda anali atadandaula mutu kwa masiku angapo, koma mutu ndani saudandaula nyengo imeneyo? M'mawa wonyamuka, Haruna atatulutsa njinga, anapeza mkazi wake akusesa pabwalo atamufulatira. Anadikira pang'ono kuti abwere adzadine tayala. Sanabwere. Collins anali akuimba kale foni, choncho Haruna anangoliza belu. Sauda anakweza tsache m'mwamba osatembenuka, n'kupitiriza kusesa.

Anayenda bwino mpaka ku Vubwi. Alendo anajambula mapiri mpaka mafoni kudzaza, anasamba mapazi m'mitsinje, wina anagwa mumchenga n'kudzuka akuseka. Pobwerera, atagona kumidzi ya kuseri kwa mtsinje wa Nsadzu komwe foni siigwira, anakwera chitunda china dzuwa litakwera kale. Pamwamba pake foni ya Haruna inayamba kulira m'thumba. Anali Yunus.

"Alamu, muli kuti? Takhala tikukuimbirani kuyambira m'mamawa."

"Tili paphiri, tikubwerera. Kwagwanji?"

"Limbani mtima, alamu. Achemwali atisiya. Anagwa pakhomo atangomaliza kuswali. Pofika nawo kuchipatala n'kuti zitatha kale."

"Amake Layla?"

"Eya, alamu."

"Chabwino," anatero Haruna, monga amayankhira munthu wofuna kudzatenga njinga yake mawa.

Yunus anapitiriza. "Mwambo wathu mukuudziwa, ndiponso kwatentha. Ashehe akuti tiika lero ikatha swala ya Aswiri, dzuwa likapendeka. Azimayi awasambitsa, koma ndawapempha kuti sanda asamange kumutu mpaka mufike, muone nkhope. Fulumirani."

Haruna anabweza foni m'thumba, n'kuuza Collins zimene wamva. Collins anagwira kumutu. "Mdala, manje muyembekeza chani? Alendo nisiyileni ine. Tifune honda, olo motoka pa Chadiza." Koma pamalo pamenepo njinga yamoto ukanaipeza kuti? Ndipo wodikira galimoto panjira ya kumeneko amatha kumera mizu. Haruna amadziwa njira yachidule yodzera m'mapiri, yotulukira kwa Kalumphe. Anaona dzuwa, anaona miyendo yake, n'kupeza kuti akapalasa osaima afika. Anamasula chikwama cha zipangizo n'kupatsa Collins, anamuonetsa sipanala yomwe imakonda kuterereka, ndipo ananyamuka.

Njira imeneyo ndi imene alendo amaikonda koposa. Imatsika pakati pa miyala ikuluikulu yosanjikizana, imadutsa m'mitengo ya masuku, kenaka imatsata mtsinje womwe nyengo imeneyo umatsala kamadzi kowonda pakati pa mchenga, m'mbali mwake muli madimba obiriwira. Haruna anadutsa monsemo. Anaona amayi akuthirira repu, anaona ng'ombe zitagona mumthunzi, anamva pedulo yakumanja ikulira n'kuganiza kuti akafika aithire mafuta. Anafufuza chisoni mumtima mwake monga munthu amafufuzira makiyi m'matumba, koma sanapeze kanthu. Munali mbee. Chimene amadziwa n'chakuti ku Katete kuli nsalu yoyera yosamanga kumutu, ndipo ayenera kufika isanamangidwe, chifukwa chomaliza chimene anaona cha mkazi wake ndi msana ndi tsache.

Anatulukira kwa Kalumphe dzuwa litangodutsa pamutu, nthawi ikadali kumbali yake. Polowa m'mudzi, pamsewu panali masamba.

Musandifunse ngati anaganiza. Sanaganize. Zala zinagwira mabuleki zokha, mwendo unatsika wokha, dzanja linavula kapusi. Anayamba kukankha njinga pang'onopang'ono, monga amaphunzitsira alendo ake, nyimbo za azimayi zikumveka kutsogolo. Anthu anali atadzaza pabwalo lomwe lija amapumirapo. Pa thandala la nthochi panalibe kanthu, ndipo mtsuko wa thobwa unali wovundikira.

Anamuona ndi Boniface, mkulu wa adzukulu, anthu amene amakumba manda ndi kuyendetsa zonse za pamaliro. Anabwera miyendo ili mbuu ndi dothi. "A Haruna, mwachita bwino kufika. Mayi athu a Mwandida aja atisiya dzana, kudwala kwa masiku ochepa chabe. Mwafika nthawi yabwino, anthu akuona nkhope. Njinga tsamiritsani apo."

Apa mpomwe munthu wamoyo akanatsegula pakamwa. Mawu ake anali ochepa: kwathunso kwagwa zomwezi, ndiloleni ndidutse. Palibe akanamuletsa. Koma mawuwo Haruna anali asanawamve bwino iye mwini, ndipo kuwanena pamaso pa anthu kukanakhala kuvomera kuti ndi oona. Anatsamiritsa njinga pamtengo n'kulowa pamzere. Mzerewo unali wautali ndipo umayenda mwa kachetechete. Atafika pa bokosi anayang'ana. Mwandida anali atamuveka duku loyera, kachipsera kaja kali pomwepo, milomo itatsekedwa koma osati kwenikweni, moti kampata ka pamano kamaoneka pang'ono. Haruna anayang'anitsitsa nthawi yaitali kuposa mmene mlendo amayenera, mpaka wa kumbuyo anamukhudza paphewa.

Atachoka apo anakakhala pansi pambali pa Nelson, yemwe anali atatsamira khoma, maso ali padothi. "Pepani, achimwene," anatero Haruna. Nelson anagwedeza mutu. Anakhala choncho awiriwo, mlaliki akukonza pakhosi, mthunzi wa nyumba ukutalika pansi. Haruna amauona mthunziwo. Amadziwa tanthauzo lake, koma thupi lake linali ngati thumba la chimanga limene wina watula n'kuiwala.

Boniface anabweranso kudzanjuta pafupi. "Nanga alendo anu mwawasiya kuti lero? Kunyumba kuli bwanji?"

"Kuli bwino," anayankha Haruna. Kenaka, ndi mawu omwewo, anawonjezera kuti, "Kungoti amake Layla amwalira m'mawa uno."

Boniface anamuyang'ana ngati sanamve. "Akazi anu? Lero?"

"Eya."

"Nanga anthu inu si mumaika tsiku lomwelo?"

"Akuti dzuwa likapendeka."

Onse amene anali pafupi anayang'ana kumwamba. Boniface anadzuka ngati walumidwa ndi linthumbu. "Abale inu, munthuyu akutani pano? Anyamata, bweretsani njinga iyo!" Iye mwini anathamangira kumsewu kukauza anthu kuti apatuke. Haruna anaimirira, anagwira njinga, n'kuyamba kuikankha, poti masamba achiwiri anali kutali kumapeto kwa mudzi. Pamenepo Nelson, amene chiyambire dzana anali asanalankhule ndi munthu, anadzuka n'kugwira keliyala.

"Kwerani, a Haruna."

"Pali maliro, achimwene."

"Maliro ndi anga. Ndati kwerani."

Haruna anakwera. Nelson anamukankha kumbuyo akuthamanga, bambo wamkulu wopanda nsapato, monga amachitira munthu pophunzitsa mwana njinga. Azimayi anasiya kuimba. Anthu a kwa Kalumphe anaona chimene anali asanaonepo, munthu akupalasa njinga pakati pa maliro, womukankha ali mwini maliro. Nelson anamusiya pa masamba achiwiri, n'kuima pamsewu akupuma movutika.

Kuchokera apo Haruna anapalasa ngati wamisala, koma dzuwa silidikira munthu. Atayandikira manda a Asilamu kunja kwa Katete, anakumana ndi amuna akubwerera, anayi mwa iwo atanyamula jeneza, chonyamulira maliro chija, chili chopanda kanthu. Yunus anatuluka pagulu, maso ali psuu.

"Tinadikira, alamu. Swala itatha ashehe anadikirabe, anthu mpaka kuyamba kung'ung'udza. Foni yanu simumayankha. Sitikanatha kupitirira apo."

"Mwachita bwino," anatero Haruna.

Anapita naye pa mtumbira. Dothi linali lisanaume. Haruna anatapa dothi ndi manja katatu monga mwa mwambo, n'kuthira pamwamba pa dothi linzake. Anapukuta manja pa buluku. Kenaka anafunsa Yunus ngati alipo amene ali ndi mafuta a njinga, chifukwa pedulo yakumanja imalira njira yonse. Yunus analira m'malo mwake.

Nkhani siigona. Pasanathe sabata, Katete yense anali atamva kuti Haruna anachedwa kuika mkazi wake chifukwa anakhala pa maliro a eni. Ena kumzikiti anapukusa mitu, ena kumsika anati mwina chikondi chinali chitatha kale. Anthu amakonda kuyeza chisoni cha mnzawo ndi misozi, ngati kuti ndi mafuta ogula pa botolo. Layla anabwera ndi ana ake kudzakhala pakhomopo kuti bambo ake asamadye m'malesitilanti, ndipo Haruna anabwerera pansi pa mango paja.

Collins anati asinthe njira, alendo asamadzerenso kwa Kalumphe. Haruna anakana. Amatsogolerabe, amaimabe pamalo okongola n'kuloza ndi dzanja kuti alendo ajambule, ngakhale kwa iye phiri linasanduka chitunda chabe, mtsinje n'kukhala malo onyowetsa tcheni. Vuto lake lenileni sanauze munthu. Akatseka maso kuti aone Sauda, amaona msana ndi tsache lokwezedwa m'mwamba. Akakakamiza kuti mkaziyo atembenuke, nkhope imene imabwera inali ya duku loyera, kachipsera pamwamba pa diso, ndi kampata pamano. Zithunzi za Sauda zinalipo m'foni ya Layla, koma izo zinali za munthu wamoyo pa zikwati za eni. Iye amafuna nkhope yomaliza ija, imene anamusungira osamanga. Layla analipo posambitsa mayi ake ndipo anaiona, koma bambo ndi mwana amakambirana za ndiwo ndi za sukulu ya ana a Layla basi.

Mvula itatha, msewu utauma, anadutsanso kwa Kalumphe ndi gulu lina. Pa thandala paja panali nthochi, wogulitsa ali Nelson. Nthochi zake zinali zosapsa bwino, thobwa panalibe, ndipo iye samadziwa kuwaseka alendo. Iwo ali kudya, amuna awiriwo anakhala pa benchi limodzi, akuyang'ana msewu.

"Ndinamva kuti maliro a akazi anu simunawapeze," anatero Nelson.

"Sindinapeze."

"Tinakuchedwetsani ife."

"Ndinatsika ndekha."

Nelson anatola kamtengo n'kuyamba kukatokosa pansi. "Ine tsiku lija sindinapite pa bokosi. Anandiitana kawiri, miyendo inakana. Ndimati ndikapanda kuona ndiye kuti sizinachitike. Tsopano ndimafuna nditaona, koma kufunsa abale ndimachita manyazi." Anatembenukira kwa Haruna. "Inu munaona, a Haruna. Anandiuza kuti munayang'anitsitsa. Anali bwanji?"

Haruna sanavutike kukumbukira. Anamuuza zonse, pang'onopang'ono, monga amafotokozera njira kwa munthu woyenda koyamba. Ananena za duku loyera ndi mmene analimangira, za kachipsera, za milomo yosatsekeka bwino. Anati pamphumi panalibe makwinya, ndipo amaoneka ngati wamva nkhani yoseketsa koma akudikira kuti alendo achoke kaye. Nelson anaseka kamodzi, kuseka kwake n'kusanduka kulira, ndipo analira poyera pamsewu, alendo akuyang'ana kumbali. Atatha anapukuta nkhope ndi malaya.

"Zikomo, achimwene. Mwandipatsa mkazi wanga."

Haruna anadzuka, anadina tayala lake lakumbuyo ndi chala chachikulu, n'kupeza kuti ndi lolimba. Anatenga pampu n'kupopabe pang'ono.

Anafika ku Katete tsiku lotsatira chakumadzulo. Anasiya alendo kwa Collins n'kulowera kwawo. Atakhota pa mpanda anapeza Layla akusesa pabwalo atamufulatira, wamfupi ngati mayi ake, atawerama chimodzimodzi. Haruna anatsika njinga ngakhale panalibe masamba. Anaima pamenepo atagwira zigwiriro, chala chili pa belu, koma sanalize.

"Layla."

"Mwafika, baba? Madzi osamba ali pamoto," anayankha osatembenuka.

"Tatembenuka, mwanawe."

Layla anatembenuka, tsache lili m'manja. Anaona bambo ake ataima ndi kapusi m'dzanja, ndipo anachita mantha. "N'chiyani, baba? Mwagwa?"

"Amako," anatero Haruna, mawu akutuluka movutika ngati tcheni chadzimbiri. "Tsiku lija iwe unawaona. Anali bwanji?"

Layla anatsamiritsa tsache pakhoma. Analowa m'nyumba, anatulutsa mipando iwiri, n'kuiika moyang'anizana.